Sindinakwere Lole ya ku Chipata

Ana anga, Dalitso ndi Tiyanjane, za ubwana wanga munazimva kale kwa amalume anu, ndipo mulibemo chachilendo. Ndikufuna kulemba za zaka makumi atatu ndi zitatu zimene ndinagwira ntchito ya unamwino m'boma lino la Chadiza. Kope ili wandigulira ndi Tiyanjane, akuti ndilembemo umboni wa zabwino zimene Mulungu wandichitira. Ndayesa, mwana wanga, koma dzanja likukana kupita kumene ukufuna iweko. Ndingolemba zimene zinachitika.

1982 mpaka 1989, ku Zingalume

Malo anga oyamba anali kiliniki yaing'ono ya kudera la Zingalume. Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, sutikesi imodzi ya malata ndi mayunifolomu awiri oyera. Galimoto ya boma inanditsitsa panjira chifukwa cha matope, ndipo katundu wanga anamaliza ulendo pa ngolo, ine ndikutsatira pambuyo nsapato zili m'manja. Mkulu wa pa kiliniki anali a Sakala, munthu wamfupi, wosaseka pachabe, amene anthu onse ankamutcha adokotala. Tsiku loyamba lomwelo anandilowetsa m'chipinda cha mankhwala. Pa mashelefu panali zitini za asipulini, mankhwala a malungo, botolo la mankhwala opaka pa zilonda, ndi fumbi. Anati, "Mwaona, Sisita? Zida zathu ndi zimenezi mpaka galimoto idzabwerenso." Ndinafunsa kuti imabwera liti, iwo anati ndikafunse mvula. Nditafunsanso kuti nanga mankhwala akatha timatani, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti, "Akatha mumatsala inuyo. Wodwala asachoke pano osagwidwa dzanja."

Masingano a jakisoni tinkawawiritsa pa mbaula ya palafini, akabuntha tinkawanola pamwala. Madzi ankatunga ndi amayi odikirira odwala awo. Koma sindinganame, zimenezo zinali zaka zanga zabwino. Atate anu, a Lameck Phiri, ankaphunzitsa pa sukulu yapafupi. Anabwera koyamba ndi ana a sukulu kudzabayitsa katemera, kenako anayamba kubwera okha Lachisanu lililonse akudandaula mutu. Lachisanu lachinayi a Sakala anandiitanira pambali nati, "Sisita, mutu wa aphunzitsiwa utithera asipulini yense. Ingowalolani." Tinakwatirana mu 1984, ndipo iwe Dalitso unabadwa chaka chotsatira.

Imfa yoyamba m'manja mwanga inali ya kamtsikana ka zaka ziwiri, kodwala chikuku. Amayi ake anadzigwetsa pansi, akugubuduka pa simenti. Ine ndinagwada pambali pawo n'kuwauza kuti mwana wawo ali pamaso pa Mulungu, kumene kulibe kutentha thupi kapena chifuwa, ndipo kuti akusangalala chisangalalo chimene sichidzatha. Mayi uja anatonthola pang'onopang'ono, nandigwira mkono mpaka achibale anabwera. Ndinabwerera kunyumba ndikumva ngati ndapereka mankhwala enieni. Masiku amenewo ndinkazikhulupirira zimenezi monga mmene ndinkadziwira dzina langa. Atate anu ankandiseka, amvekere, "Amake Dalitso, inu za kumwamba mumazikamba ngati munakakhalako pa holide." Iwo chikhulupiriro chawo chinali chachete. Ankapemphera mawu ochepa, koma sankadumpha tsiku.

1990 mpaka 1998, pa boma

Anandisamutsira ku chipatala cha pa boma Tiyanjane ali kumsana. Zaka zimenezi sindikonda kuzikumbukira. Ndi nthawi imene matenda a kaliwondewonde analowa m'nyumba iliyonse, ndipo mankhwala ake kunalibe. Aphunzitsi, apolisi, amalonda a pamsika, anamwino anzathu, onse ankabwera akuyenda okha, kenako atagwiriziridwa, kenako atanyamulidwa. Magolovesi tinkawachapa n'kuwayanika pa chingwe kuseri kwa wodi, mawa n'kuwavalanso. Mkulu wathu anali Mayi Zulu, munthu wa mawu olimba amene ambiri ankamuopa. Ine sindiwaimba mlandu, chifukwa mabedi anali ochepa ndipo odwala atsopano ankagona pakhonde. Munthu akafika poti sachira, Mayi Zulu ankati achibale auzidwe kuti akayesere kumudzi. Aliyense ankadziwa tanthauzo la mawu amenewo. Ndipo wokawanena nthawi zambiri ndinkakhala ine. Ankati, "Sisita Phiri, pitani inu, muli ndi pakamwa pofewa." Choncho ndinkapita. Ndinkanena za kumudzi, kenako n'kuwonjezera za kwa Mulungu, za misozi imene idzapukutidwe, za chisangalalo chosatha. Pa sabata imodzi ndinkatha kuzinena kasanu kapena kupitirira.

Tsiku lina m'mawa ndinapeza pa bedi la kukona pagona munthu amene sindinamuzindikire mpaka atandiitana. Anali a Sakala. Thupi lonse linali litatha, atangotsala maso. Ndinawasamalira milungu iwiri. Masana ena ndikuwatembenuza kuti zilonda za pamsana zisakule, anandifunsa kuti, "Sisita, zimene mumawauza anthu zija, za kumwamba, mumazikhulupiriradi, kapena ndi asipulini chabe?" Ndinayankha msanga kuti ndimazikhulupirira. Iwo anati, "Ndiye ndiuzeni ine. Koma munene pang'onopang'ono, ngati mukulozera munthu njira." Ndinatsegula pakamwa, mawu onse anatuluka mu dongosolo lake, osasowa ndi amodzi omwe. Koma ndinkadzimva ndekha ngati mwana wa sukulu amene akulakatula zoloweza. A Sakala anamvetsera mpaka kumapeto, nati, "Zikomo. Mwazinena bwino." Kenako anatembenukira kukhoma. Anamwalira patapita masiku atatu. Kuyambira pamenepo sindinasiye kuwauza odwala za kumwamba, popeza ndinalibe china chowapatsa, koma nthawi iliyonse ndinkadzimvetsera ndekha, ndipo zimene ndinkamva sizinkandifika pamtima.

1999 mpaka 2002, ku Mlolo

Mu 1999 ananditumiza kukayang'anira kiliniki ina ya kudera la Mlolo. Pa pepala panalembedwa kuti tidzakhala anamwino awiri, koma mnzangayo sanafike. Ndinali ndekha ndi Mayi Tembo, amene ntchito yawo inali yosesa ndi kuchapa, koma amene ndinawaphunzitsa kugwira dripi ndi kumanga zilonda. Inu ana munatsala pa boma ndi atate anu chifukwa cha sukulu, ine ndinkabwera kumapeto kwa mwezi. Chaka cha 2001 miyendo ya atate anu inayamba kutupa. Zinali impso. Mu Januwale 2002 anawagoneka kuchipatala ku Chipata. Ndinakhala nawo sabata yathunthu, koma wondilowa m'malo ku Mlolo sanapezeke, ndipo inali nyengo ya malungo. Atate anu ndi amene anandiuza kuti, "Bwererani, amake Dalitso. Ine pano ndili ndi madokotala, anthu a ku Mlolo alibe wina." Iwe Dalitso, uli ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, unayamba wasiya sukulu kuti uwadikirire.

Linali Lachinayi la mu Febuluwale, cha m'ma teni m'mawa, pamene alamu anga a Yohane, mng'ono wa atate anu, anafika pa njinga thukuta lili kamukamu. Uthenga unafika pa boma pa foni, iwo n'kuupalasira mpaka kwa ine. Anati, "Mlamu, nyamukani. Madokotala anena kuti achimwene sagona masiku awiri, ndipo akukuitanani." Mwamwayi panali lole imene inabweretsa simenti pa sukulu ya kumeneko, ndipo inali kubwerera ku Chipata. Dalaivala anavomera kutitenga, koma anati pofika thwelofu akhale atanyamuka, chifukwa mitambo inali itayamba kuda ndipo mtsinje wa panjira ukadzaza galimoto siwoloka. Ndinavula yunifolomu, ndinaponya zovala ziwiri m'chikwama, ndinawauza Mayi Tembo zochita ndi odwala malungo. Ndinali ndikukhoma chipinda cha mankhwala, chikwama chili paphewa, pamene ndinamva ng'ombe zikuthamangitsidwa ndi mwamuna akukuwa kuti, "Sisita! Sisita, tithandizeni!"

M'ngolomo munagona mayi wina dzina lake Nabanda, wa ana anayi. Anachira kunyumba m'mamawa, mwana anabadwa wamoyo, koma nsengwa, imene imatuluka mwana akabadwa, inakanirira m'mimba. Magazi ankadontha kudzera m'mipata ya matabwa a ngolo. Nditamutsegula chikope ndinapeza mkati mwayera ngati pepala. Ndinaganiza zomukweza lole yomweyo, koma ndinadziwa kuti ndi msewu umenewo safika ngakhale pa mtsinje. Nsengwayo inafunika kuchotsedwa ndi dzanja, pomwepo, ndipo m'dera lonselo dzanja lodziwa ntchito imeneyo linali langa lokha. A Yohane anaona nkhope yanga, nandigwira chikwama. Anati, "Mlamu, musachite zimenezo. Odwala ndi a boma, mwamuna ndi wanu." Ndinati andipatse ola limodzi. Anati, "Dalaivala alibe ola." Ndinati, "Mupempheni." Ndinaika chikwama pansi n'kuwauza Mayi Tembo kuti abweretse madripi awiri amene anatsala.

Dalaivala uja sanali munthu woipa. Anadikira mpaka hafu pasiti thwelofu, akuliza hutala. A Yohane anabwera pawindo kawiri. Kachiwiri sindinawayankhe, chifukwa dzanja langa linali m'mimba mwa Nabanda, ndikusenda nsengwa pang'onopang'ono kuti isang'ambike. Ndinamva injini ikulira, ndinamva lole ikutsetsereka a Yohane ali momwemo, mpaka phokoso linazimirira. Mayi Tembo ankalira atagwira botolo la dripi m'mwamba. Cha m'ma fili Nabanda anatsegula maso n'kufunsa mwana wake. Panthawiyo mvula inali ikugwa kale, ya mkokomo, ndipo mtsinje unadzaza mpaka m'mawa mwake.

Lachisanu ndinawoloka madzi akulekeza m'chiuno, munthu wa njinga ananditenga mpaka pa boma, kenako ndinakwera minibasi. Ndinafika ku Chipata masana. Ndinathamangira ku wodi, pa bedi la atate anu ndinapeza pagona bambo wina wachilendo akudya nthochi. Iwe Dalitso ndinakupeza pakhonde, utakhala pansi, utakumbatira pepala la pulasitiki momwe munali masilipasi a atate ako, kapu ndi kawailesi kawo. Sunaimirire. Unati, "Anamwalira dzulo cha m'ma folo. Anafunsa katatu ngati mwafika. Kawiri ndinawanamiza kuti muli panjira. Kachitatu lole inali itafika, amene analowa ndi atate aang'ono okha, ndiye sindinathenso kunama." Ndinafuna kukugwira, unabweza phewa. Kenako unandifunsa kuti, "Nanga wodwala wanu ali bwanji, Sisita?" Kuyambira tsiku limenelo sunanditchulenso kuti amama.

Pa maliro abusa analalikira za chisangalalo chimene atate anu alowamo. Amayi a mpingo anandizungulira m'siwa, akundisisita msana, akundiuza kuti ndisalire ngati wopanda chiyembekezo, kuti a Phiri ali pamaso pa Mulungu, kuti tidzaonana. Anali mawu anga omwe aja, mu dongosolo lomwe lija. Ndinawameza ngati mapiritsi otha mphamvu. Chimene chinkandizungulira m'mutu n'chakuti ngati tidzaonanadi, ndiye kuti ndidzayenera kuwayang'ana m'maso. Achibale a atate anu sanandinene poyera, koma alongo a atate anuwo atafika pondipatsa moni anadutsa ngati pampando palibe munthu.

2003 mpaka 2015, pa boma kachiwiri

Ndisanachoke ku Mlolo, Nabanda anabwera ndi nkhuku ndi lichero la mtedza, mwana ali kumsana. Anamutcha dzina langa, Esnart. Anagwada pakhomo nati, "Sisita, ndinamva zimene zinakuchitikirani chifukwa cha ine. Ndilibe mawu." Ndinamuuza kuti si chifukwa cha iye, ndipo ndinamuchenjeza kuti akadzakhalanso ndi pakati asadzachirire kunyumba. Kwa zaka ziwiri ndinkadzitonthoza ndi mayi ameneyu. Ndinkati ana asanu ali ndi mayi wawo, ndiye kuti sindinatsalire pachabe. Kenako tsiku lina ndinakumana ndi Mayi Tembo pamsika wa pa boma, akugula sopo. Titapatsana moni anayang'ana pansi nati, "Sisita, Nabanda uja tinaika mwezi watha. Anatenganso pakati, matenda anamuyamba ng'ombe zili kudambo. Pamene ngolo inkafika pa kiliniki anali atazizira kale." Ndinakhala pansi pomwepo, pakati pa ogulitsa tomato. Ndinkafunsa Mulungu mumtima kuti, kodi zaka ziwiri zokhazi ndi zimene ndinasiyira mwamuna wanga kufa akuyang'ana pakhomo? Sindinayankhidwe, ndipo mpaka lero yankho lake sindinalimve.

Ntchito ndinapitiriza. Mankhwala otalikitsa moyo atabwera, ndinaona anthu amene kale tikanawauza kuti akayesere kumudzi akudzuka n'kubwerera kumunda. Anzanga ankati ndi chozizwitsa, ndipo n'zoona, koma ine ndinkangowerenga m'mutu amene anafulumira kudwala. Za kumwamba ndinasiya kuwauza odwala. Munthu akamamwalira ndinkangokhala pambali pake n'kumugwira dzanja. Anamwino achitsikana ankati Sisita Phiri ndi wouma mtima. Ku tchalitchi ndinkapitabe Lamlungu lililonse, ndinkaimirira ena akaimirira, koma kwaya ndinaisiya. Iwe Dalitso utamaliza sukulu unapita ku Kitwe, ndipo m'zaka zonsezi wabwera kuno kawiri. Pa ukwati wako unandikhazika pa mpando wabwino, unandipatsa ulemu wonse umene mlendo amapatsidwa. Ndinapuma pa ntchito mu 2015. Anandipatsa chitenje ndi wotchi ya pakhoma, ndipo wolankhula m'malo mwa akuluakulu anati ndinali namwino amene sanasiyepo wodwala. Anthu anaomba m'manja. Ine ndinafuna kutuluka panja.

2024, kwa Tiyanjane

Tsopano ndikukhala kwa iwe Tiyanjane, m'nyumba ya aphunzitsi. Chotupa chimene chinandituluka kubere madokotala a ku Chipata anena kuti ndi khansa, ndipo yafalikira. Anandilankhula mozungulira, ine ndinawauza kuti asavutike, mawu amenewo ndimawadziwa, ndinawanenapo kwa anthu ambiri. Mwana wanga, ndikudziwa kuti umandikonda. Umandiimbira nyimbo za kumpingo kwanu m'mawa uliwonse ukamandisambitsa, umandiuza kuti ndikondwere chifukwa ndikupita kwa Atate. Ndimagwedeza mutu kuti usakhumudwe. Koma pano ndikulemba zoona. Ndikatseka maso kuti ndione malo amene ukunenawo sindiona kanthu. Ndimaona wodi, ngolo, ndi khonde la ku Chipata.

Sabata yatha unabwera ndi abusa anu, a Mwale, kudzandipempherera. Ndi munthu wamng'ono, msinkhu wa Dalitso, wa mawu amphamvu. Anayamba bwino lomwe, amvekere, "Amayi, kondwerani, patsogolo panu pali chisangalalo chosatha pamaso pa Mulungu." Ndinawadula. Ndinati, "Abusa, mundikhululukire. Mawu amenewo ndawanena kwa anthu ochuluka kuposa amene inu mwawabatiza. Ine chisangalalo ndinaiwala kakomedwe kake. Sindikana kuti Mulungu alipo, koma mumtima mwangamu muli gwa. Kodi munthu wotere akalowa bwanji kumalo a anthu osangalala?" Iwe unachita manyazi, unati, "Amama, musatero." Ndinkayembekeza kuti abusa akweza mawu n'kuyamba kudzudzula mzimu wa kukayika. Koma anangoyang'ana manja awo. Kenako anati, "Amayi, zambiri za kumeneko sindizidziwa. Koma inu munali namwino. Kodi munkawauza odwala kuti ayambe achira kenako abwere ku kiliniki?" Ndinati ayi. Anati, "Ndiye ine ndikuganiza kuti chisangalalocho simuchita kupita nacho. Mukachipeza komweko."

Sindinene kuti mawu amenewo anandisintha. Ululu ulipobe, mantha aliponso, ndipo m'mawa mwake ndinadzuka ndi mtima womwe uja. Koma ndi mawu okhawo pa zaka makumi awiri amene sanandidutse pamwamba. Ndawagwira ndi zala ziwiri, monga mmene wodwala wofooka amagwirira m'mphepete mwa bedi. Ngati n'zoona, ndiye kuti Mulungu adzandilandira mmene ndililimu, wotopa, wosaimba, ndipo zotsalazo ndi ntchito yake. Za misewu yonyezimira ine ndilibe nazo chidwi. Chimene ndikupempha n'chakuti kumeneko kusakhale anthu awiri ondiitana nthawi imodzi, ndipo kuti a Lameck akandiona asatembenukire kumbali.

Dalitso, Lolemba mlongo wako anakuimbira foni ine ndili pomwepo. Ndinamva mawu ako. Unati kuntchito kwachuluka zochita, mnzako wina ali pa tchuthi, uona ngati angakulole mwezi wamawa. Tiyanjane atadula foni anakwiya, anati ndiwe wouma mtima, ndipo anafuna kuimbanso. Ndinamuletsa. Pa anthu onse a pansi pano, ine ndiye sindingakuweruze. Madokotala sanandiuze kuti ndatsala ndi miyezi ingati, koma thupi la munthu wotere ndimalidziwa, ndipo mwezi wamawa ndi kutali. Ngati ungathe, bwera, ndikufuna kukuona. Ngati sutha, usadzanyamule chimene ine ndanyamula, n'cholemera kwambiri. Ndamulumbiritsa kale mlongo wako kuti ukadzafika mochedwa adzakulandire, adzakupatse madzi osamba, ndipo asadzakuuze kuti ndinakufunsa kangati.